Musanandipemphe gemu yowombera kapena ya strategy, werengani izi

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta kuno ku Kasungu boma. Sipatha sabata osabwera mnyamata ndi laputopu m'chikwama n'kunena kuti, "Akulu, mundiikireko gemu yowombera ya bho." Ena amachokera ku Nkhamenya, ena ku Santhe, ena ku Chamama. Ambiri ndi ophunzira amene anagula laputopu yolembera ntchito ya kusukulu koma madzulo amafuna kupumitsako mutu. Funsoli ndaliyankha mpaka kukhosi kuuma, ndiye ndaganiza zolemba kamodzi. Wondifunsanso ndizingomutumizira izi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: munthu amaona gemu pa YouTube, n'kuthera bandulo ya mwezi wonse kuikopera, kenako gemuyo osatseguka n'komwe, kapena kutseguka koma n'kumayenda modukiza ngati ngolo ya matayala akuphwa. Akatero amati magemu a pakompyuta ndi achabechabe, bola kukalipira PS kumsika. Chonsecho gemuyo ilibe mlandu. Iye anathamangira dzina lotchuka asanafunse kuti makina ake, magetsi a kwawo ndi thumba lake zingakwanitse chiyani. Tsatirani ndondomekoyi mmene ndaiyalira, ndipo chonde musalumphe nambala 2.

1. Dziwani chimene mukupempha

FPS, kutanthauza first-person shooter, ndi gemu imene mumaona zonse kudzera m'maso mwa msilikali wanu. Thupi lake simuliona, mumangoona manja ndi mfuti kutsogoloku. Dzanja lamanzere limamuyendetsa ndi W, A, S, D, lamanja limaloza ndi mausi. Koma samalani, zilembo zomwezi, fps, zimatanthauzanso kuchuluka kwa zithunzi zimene sikirini ikuonetsa pa sekondi imodzi. Pa 60 gemu imayenda myaa, pa 30 imaseweredwa ndithu, ikatsika pansi pa 20 ndiye kudukiza kuja.

Mu strategy simugwira mfuti nokha. Mumayang'ana dziko kuchokera pamwamba, kumanga mudzi, kusonkhanitsa chakudya ndi chuma, kenako kutumiza asilikali. Ilipo mitundu iwiri. RTS ndi ija aliyense amasewera nthawi imodzi, osadikirana, moti mukachedwa kuganiza mnzanu wafika kale pakhomo. Turn-based ndi yosinthana ngati bawo. Ngati ndinu munthu woyamba mwawerenga nkhomo musanagwire dzenje, yanu ndi imeneyi.

2. Fufuzani m'kati mwa kompyuta yanu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, komanso ndi pamene aliyense amafuna kudutsa mothamanga. Munthu amabwera monyadira: "Yanga ndi Core i7, akulu, kapepala kake si aka." Kapepala komata kaja sikakuuzani zambiri. Malaputopu ambiri amene timagula kuno anagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja: HP EliteBook, Dell Latitude, Lenovo ThinkPad. Ndi olimba ndipo ndimawapatsa ulemu, koma anawapangira Word ndi Excel.

Dinani batani la Windows limodzi ndi R. M'kabokosi kamene katuluke lembanimo dxdiag, n'kudina Enter. Tengani pepala, mulembe zinthu zitatu.

Choyamba ndi Processor. Musathere pa i5 kapena i7, werengani manambala otsatirawo. Nambala yoyamba ndi m'badwo wake. i5-3320M ndi ya m'badwo wachitatu, wa mu 2012, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, wa mu 2017. Ndiye i7-2620M ya mu 2011 imasiyidwa kutali ndi i5-8250U, ngakhale dzina lake likumveka laukulu. Kuyambira m'badwo wa 10 muziwerenga manambala awiri oyambirira. Mukapeza Celeron, monga N4020 imene imabwera m'malaputopu atsopano otchipa, kunyezimira kwa kunjako kusakunamizeni, mphamvu zake n'zochepa.

Chachiwiri ndi Memory, imene timati RAM. Ikalemba 4096MB ndiye 4 GB, ikalemba 8192MB ndiye 8 GB.

Chachitatu, chachikulu pa zonse, chili pa tsamba lolembedwa Display pamwambapo. Onani dzina. Likakhala Intel HD Graphics 3000, 4000, 4400, 520 kapena UHD 620, ndiye kuti mulibe khadi la zithunzi loima palokha. Purosesa yomweyo ndi imene ikujambula gemu, ndipo ikubwereka malo ku RAM yanu. Msampha uli pa mzere wakuti Approx. Total Memory. Pamenepo pangalembedwe 2 GB kapena 4 GB, wogulitsa n'kukulozerani kuti "graphics yake ndi 4 GB". Imeneyo ndi RAM yobwereka ija. Mzere woona ndi Display Memory, ndipo pa Intel nthawi zambiri umangolemba 128 MB. Ngati pali tsamba lina lolembedwa Render, litseguleninso, chifukwa malaputopu a makhadi awiri amabisa NVIDIA kapena AMD kumeneko. Komabe si NVIDIA iliyonse ili yamphamvu. 820M, 920M ndi MX110 ndi timakhadi tating'ono, musatiyerekeze ndi GTX 1050 kapena GTX 1650.

Tsopano dziikeni pagulu. Gulu loyamba: Celeron, Pentium, Core 2 Duo, HD 3000, kapena RAM yosapitirira 4 GB. Gulu lachiwiri: i5 kapena i7 ya m'badwo wachitatu mpaka wa 8, RAM 8 GB, Intel HD 4000 mpaka UHD 620, komanso timakhadi tating'ono tija. Purosesa ya AMD Ryzen yokhala ndi zithunzi za Vega ili pamwamba pa gulu limeneli. Gulu lachitatu: GTX 1050 kupita m'mwamba. Mwa makina amene amafika patebulo langa, ochuluka kwambiri ndi a magulu awiri oyambawo, ndipo palibe chochititsa manyazi. Magemu amene ndimawakonda koposa amayenda pa makina amenewa.

Ngati muli ndi kandalama kowonjezera, musathamangire kiyibodi yowala. Gulani RAM. Pa makina a Intel HD, timitengo tiwiri ta 4 GB timayendetsa gemu bwino kuposa kamodzi ka 8 GB, chifukwa purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Tsegulitsani kaye kunsi muone ngati pali malo achiwiri komanso ngati ndi DDR3 kapena DDR4, poti sizilowerana.

3. Sankhani za gulu lanu

A gulu loyamba, yambani ndi Counter-Strike 1.6 ya Valve, ya mu 2003. Siifika ndi 1 GB yomwe, imayenda pa chilichonse, ndipo mpaka lero sindinapeze gemu ina imene imaphunzitsa kuloza ngati iyi. Kukoma kwake n'kusewera ndi anzanu. Mukafuna kulimbana ndi kompyuta, Condition Zero ya mu 2004 ndi imene imabwera ndi adani ake. Ya nkhani yoti muitsatire nokha, tengani Half-Life ya mu 1998 kapena Call of Duty 2 ya mu 2005, imene ikalemera mumaisinthira ku DirectX 7 m'ma settings. AssaultCube ndi yaulere ndipo ndi ya ma MB pafupifupi 50 okha. Project IGI ambiri mumaikonda, inenso ndimaikonda, koma siilola kuseva pakati pa mishoni. Pa desktop yopanda UPS, batire losunga magetsi, magetsi akangothima mwayambiranso poyamba.

Ku strategy, Age of Empires II ya mu 1999 ndiye mfumu. Pambali pake pali Red Alert 2 ya mu 2000, ndi OpenRA, yaulere, imene inadzutsa Red Alert yoyamba ija kuti iziyenda bwino pa Windows ya masiku ano. StarCraft ya mu 1998 nayonso Blizzard inaipanga yaulere mu 2017. A bawo aja, koperani Battle for Wesnoth. Ndi yaulere, yosinthana, ndipo nkhani zake mungasewere miyezi osazimaliza.

A gulu lachiwiri, zonsezo ndi zanu, n'kuwonjezapo Call of Duty 4: Modern Warfare ya mu 2007, Half-Life 2 ya mu 2004, ndi Left 4 Dead 2 ya mu 2009 imene anthu anayi amathandizana m'malo mophana. Xonotic ndi yaulere, ya liwiro loopsa. Far Cry 2 ya mu 2008 ndimaitchula padera. Nkhani yake ikuchitikira m'dziko la mu Africa losatchulidwa dzina, munthu wanu akudwala malungo ndipo ayenera kumasaka mankhwala, mfuti zakale zimakanirira pakati pa nkhondo, moto ukagwira udzu umalusa ngati wa m'tchire mu Seputembala. Itsitseni ma settings, iyenda.

Strategy ya gulu limeneli imene ndimayamba kupatsa aliyense ndi 0 A.D. ya Wildfire Games. Ndi yaulere kotheratu, kukula kwake kumangopitirira 1 GB pang'ono, ndipo mungasewere ngati Akushi a ku Sudan yakale kapena anthu a ku Carthage. Kenako Command & Conquer: Generals ya mu 2003 ndi Rome: Total War ya mu 2004. Civilization V ya mu 2010 ndi yosinthana, ndipo gawo lake lowonjezera la Brave New World, la mu 2013, lili ndi Azulu a Shaka ndi ma Impi awo. Abale athu a Chingoni a ku Mchinji ndi ku Mzimba akaziona safunanso mtundu wina. Age of Empires II: Definitive Edition ya mu 2019 ili ndi anthu a ku Mali ndi a ku Ethiopia, koma imafuna RAM 8 GB kuti muimve kukoma.

A gulu lachitatu mungayese Counter-Strike 2, yaulere pa Steam (sitolo ya magemu ya pa intaneti) kuyambira mu 2023, Civilization VI ndi Age of Empires IV. Dziwani kuti Counter-Strike 2 imapempha malo okwana 85 GB ndi intaneti yokhazikika. Pa Intel HD musavutike nayo, ngakhale ili yaulere.

Kwa makolo ndi achimwene amene mumabwerekana laputopu ndi ana: Call of Duty, Far Cry ndi Left 4 Dead zili ndi magazi ndi mawu otukwana. Mwana wa ku pulayimale mupatseni Wesnoth, 0 A.D. kapena Age of Empires, aphunziramo ndi mbiri yakale yomwe.

4. Ipezeni osawononga bandulo kapena makina

Musanadine chilichonse, onani kukula kwa gemu. Kenako uzani Windows kuti netiweki yanu ndi metered connection, kutanthauza intaneti ya bandulo, apo ayi idzayamba kukopera ma update ake mwakachetechete, bandulo n'kutha gemu isanafike theka. Pa Steam, kusewera kwenikweniko sikudya kwambiri, chimene chimadya ndi ma update.

Gemu yaulere akopere munthu mmodzi, ena atenge pafulashi. Fulashi ikakana fayilo yoposa 4 GB chikhalirecho malo alipo, ndiye kuti ili pa FAT32. Sungani kwina zimene zilimo, muifomate ku exFAT kapena NTFS. Pa Steam pali Backup game files, imene imalola mnzanu kutenga mafayilo kwa inu osakoperanso, bola gemuyo ikhale yaulere kapena akhale anaigula pa akaunti yake.

Zogula zimafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira kunja. Dikirani kumapeto kwa Juni kapena kwa Disembala pamene Steam imatsitsa mitengo, magemu akale ngati Half-Life amatchipa kwambiri. Ku GOG, sitolo inanso ya magemu, mukagula mumatenga fayilo yoikira, n'kuisunga, osafunanso intaneti.

Za magemu obedwa aja, otchedwa cracked, amene amayamba ndi kukuuzani kuti muzimitse antivirus, ndinena mosabisa: makina ambiri amene ndimawachotsa mavayirasi anadwalira pamenepo. Mukaona mafoda a m'fulashi asanduka ma shortcut, musadine ngakhale imodzi. Laputopu yomwe muli ntchito yanu ya kusukulu si yoyeserapo mwayi, makamaka pamene zaulere zabwino zilipo zochuluka chonchi.

5. Itcheni musanaiweruze

Gemu ikadukiza, yambani ndi resolution. Tsikani kuchoka pa 1366x768 kufika pa 1280x720, zikakanika 800x600. Zimitsani shadows ndi anti-aliasing. Tsekani Chrome. Lumikizani chaja, chifukwa pa batire laputopu imadzichepetsera mphamvu yokha. Gulani mausi ya waya, ngakhale yotchipa, poti FPS siiseweredwa ndi chala pa touchpad, ndipo m'ma settings a mausi chotsani chizindikiro pa Enhance pointer precision kuti dzanja lizolowere muyeso umodzi. Ena FPS imawachititsa chizungulire ndi mseru. Zikatero musakakamire: yatsani nyale m'chipinda, talikirani sikirini, sewerani pang'onopang'ono.

Kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi la kuno ndi adani enieni. Laputopu imene imayamba bwino n'kufooka pakatha mphindi 15 ikupsa m'kati. Musasewerere pamatiresi kapena pabulangete. Ikwezeni kumbuyo ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo kuti mpweya uzidutsa, ndipo kamodzi pachaka fani ipukutidwe. Magetsi akathima zulani chaja kukhoma, mudzabwezere akabwera n'kukhazikika. Zolowerani kuseva. Mu Half-Life ndi F6 basi.

6. Lumikizanani popanda intaneti

Kusewera pa intaneti kuchokera kuno kumavuta chifukwa cha ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva, kompyuta yolumikiza osewera, ndi kubwerako. Ma seva a ku Ulaya nthawi zambiri amapitirira ma millisecond 150, kutanthauza kuti mnzanu wakuonani kale inu musanamuone. Counter-Strike 2 ili ndi seva ku Johannesburg, ndiye bolako. Koma chokoma koposa, chosadya ngakhale tambala, ndi LAN: makompyuta a m'chipinda chimodzi kulankhulana okhaokha. Ambiri amayesa kamodzi, zikakanika n'kuzisiya. Tiyeni pang'onopang'ono.

Njira yachidule ndi foni. Mafoni ambiri a Android amalola kuyatsa hotspot data ili yozimitsa. Nonse lumikizani ku hotspot imeneyo, kapena ku rauta yakale ngakhale ilibe SIM. Amene atsegule gemu adine Windows ndi R, alembe cmd, kenako ipconfig, awerengere anzake nambala ya pa IPv4 Address. Kwa strategy njira imeneyi ndi yokwanira.

Kwa FPS waya ndiye wabwino. Anthu awiri, waya mmodzi wa netiweki kuchoka pa laputopu iyi kupita pa iyo. Makina a zaka zino safunanso waya wapadera uja wa crossover. Mukapitirira awiri mufunika switch, kabokosi kolumikiza mawaya ambiri. Poti palibe rauta yogawa manambala, mudzipatse nokha. Windows ndi R, lembani ncpa.cpl. Dinani kumanja pa Ethernet, Properties, kenako Internet Protocol Version 4. Sankhani Use the following IP address. Woyamba alembe 192.168.1.10, wachiwiri 192.168.1.11, wachitatu 192.168.1.12. Subnet mask ikhale 255.255.255.0 kwa nonse, gateway isiyeni yopanda kanthu. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti anthu amakoperana nambala yonse ndendende. Zigawo zitatu zoyamba zifanane, chomaliza chisiyane.

Tsopano firewall, imene imagwetsa anthu ambiri ulesi. Windows ikaona waya wopanda intaneti imautenga ngati netiweki yachilendo, Public, n'kutseka zitseko. Tsiku loyamba kutsegula gemu pamatuluka kabokosi kofunsa chilolezo, ndipo ambiri amangodina Cancel osawerenga. Lowani mu Windows Defender Firewall, Allow an app, pezani gemuyo, chongani Private ndi Public zonse ziwiri, pa makina onse. Kuti muyese, wachiwiri alembe mu cmd kuti ping 192.168.1.10. Ikabwera Reply ndiye kuti msewu ulipo. Ikakana, zimitsani Wi-Fi, muzimitse firewall kwa kanthawi, muyesenso. Ikayankha tsopano, mwadziwa kuti wolakwa si waya. Mukatha kusewera yatsaninso firewall ndi kubwezera IP pa Obtain automatically, apo ayi tsiku lina waya wa ku ofesi kapena kusukulu udzakana kukupatsani intaneti.

Gemu ikhale ya version imodzi kwa nonse. 0 A.D. yatsopano siilankhulana ndi yakale. Mu Counter-Strike 1.6 mmodzi atsegule New Game, ena ayang'ane pa Find Servers, tsamba la LAN. Ikapanda kuoneka, dinani batani la ~ pansi pa Esc, lembani connect 192.168.1.10. Mu 0 A.D. mmodzi asankhe Host, ena Join n'kulemba nambala ija. Age of Empires II yakale pa Windows 10 imafuna DirectPlay, imene mumaiyatsa mu Turn Windows features on or off, pansi pa Legacy Components. Definitive Edition imafunabe intaneti kuti mukumane, ndiye kwa LAN yeniyeni siithandiza. Call of Duty 4 ikamatsekeka yokha mukangotsegula multiplayer, lowetsani mahedifoni okhala ndi maiki kapena yatsani Stereo Mix m'ma settings a sound. Zimamveka zachilendo koma zimagwira.

7. Masiku oyambirira

Mu Counter-Strike imani kaye musanawombere, chifukwa chipolopolo cha munthu wothamanga chimapita kwina. Kachizindikiro kolozera kazikhala pa msinkhu wa mutu nthawi zonse, osati pansi. Womberani ziwiri kapena zitatu, n'kupuma. Valani mahedifoni, mapazi a mdani amamveka iye asanaoneke. Mumayamba ndi $800 ya m'gemu, mfuti ya AK-47 mu 1.6 ndi $2500, ya AWP ndi $4750. Timu ikasauka gwirizanani kuti raundi imodzi musagule, yotsatira mugule nonse pamodzi. Phunzirani mapu amodzi, de_dust2, mpaka muziyendamo ngati mumsika wa kwanu.

Mu Age of Empires II ndi 0 A.D. cholakwika cha woyamba aliyense ndi kuthamangira asilikali nkhokwe ili pululu. Nyumba yaikulu ya pakati pa mudzi isaime kutulutsa anthu ogwira ntchito ngakhale sekondi imodzi. Mu Age of Empires aliyense ndi chakudya 50, nyumba iliyonse imasunga anthu 5, ndiye muzimanga ina malo asanathe. Kuti muchoke mu Dark Age, nyengo yoyamba ya gemuyi, mufunika chakudya 500. Pankhondo, a mikondo amagwetsa a pa akavalo, a pa akavalo amagwetsa a mauta. Tumizani kazitape akaone chimene mnzanu akupanga musanasankhe chanu.

Mukamasewera ndi mnzanu amene wangoyamba kumene, mu 0 A.D. ikani Ceasefire ya mphindi 15 kapena 20 kuti apeze mpata womanga mudzi. Kapena khalani timu imodzi, mulimbane ndi kompyuta pa Easy, ndipo muikweze pokhapokha mutaigonjetsa kawiri motsatizana.